Njinga Yanga Yaifupi ndi Ulendo wa ku Vinthukutu

Kaporo, chaka changa choyamba pa ntchito

Lusungu ndi Chikondi, ana anga, za ubwana wanga ku Ntcheu munazimva kokwana, sindizibwerezanso. Ndiyambira pamene ananditumiza ku Kaporo kukakhala mlangizi wa ziweto, nditangomaliza maphunziro. Ndinafika m'dzinja, mpunga uli biriwiri mbali zonse, madzi ali paliponse, njira yosadziwika pamene yathera ndi pamene munda wayambira. Anthu ankandilonjera kuti "Mwaghona," ine n'kumaganiza kuti akufunsa ngati ndagona kale, ndiye ndinkayankha kuti ayi, ndangofika kumene. Panapita nthawi kuti wina andimvere chisoni n'kundiuza kuti umenewo ndi moni chabe wa Chinkhonde. Kuyambira pamenepo ankanditchula kuti a Dokotala, ngakhale ndinkangobaya ng'ombe jakisoni ndi kuyang'anira dibi.

Bwana wanga woyamba anali a Mhango, munthu wamtali, wosakonda kubwereza mawu. Pa ofesi panali njinga yamoto imodzi yokha, ya miyendo italiitali, imene tinkabwerekana alangizi atatu. Njingayo anaipangira anthu a msinkhu wa a Mhango. Ine ndikaiimitsa, chala chachikulu cha kuphazi chokha ndicho chinkagunda pansi. Nditadandaula anandiyang'ana kuchokera kumwamba n'kunena kuti, "A Chimphamba, njinga sitingaifupikitse. Musamaime." Ndinayesadi kusaima, mpaka tsiku lina ng'ombe inandidutsira pa kanjira ka pakati pa minda, ine ndi njinga tonse khuu m'matope, pamaso pa amayi amene ankawokera mpunga. Onse anaseka, koma mtsikana wina anaseka kuposa anzake, kenako n'kubwera kudzandithandiza kudzutsa njingayo. Anali Nyagondwe wa ku Vinthukutu, anabwera kudzathandiza azakhali ake kuwokera. Ndiye amayi anuwa.

Chaka chimene msana unayamba kupweteka

Panapita zaka zambiri ndikulimbana ndi njinga zazitalizo. Inu munabadwa, munakula, munapita kusekondale. A Mhango anapuma, m'malo mwawo munabwera mayi Kaonga, bwana wachifundo koma wolankhula mozungulira, moti ukatuluka mu ofesi mwawo sunkadziwa ngati akuloleza kapena akukaniza. Nthawi imeneyo njinga ya ofesi inali itafa, zipangizo zake osapezeka, ndipo anatiuza kuti amene ali ndi njinga yakeyake azipatsidwa mafuta akapezeka. Msana wanga nawo unali utayamba kundivuta, ndikadzuka m'mawa ndinkayenda chowerama ngati ndikufuna singano pansi.

Tsiku lina ku boma, pakhomo pa sitolo ya Che Yusufu, wamalonda wa ku Mangochi amene ankagulitsa zitsulo ndi matayala, ndinaona njinga imene sindinaionepo. Inali yaing'ono, yakuda, yaifupi, mpando wake wotambalala ngati wa pabalaza, zogwirira zake zopindikira kwa wokwera, zopondera zili kutsogolo, ndipo kumbuyo inali ndi kotsamira ka wokwera wachiwiri. Anati yachokera ku Tanzania. "Khalanipo, a Dokotala, kukhala sikugula," anatero Che Yusufu. Nditakhalapo, mapazi anga onse awiri anaponda pansi kwathunthu. Ana anga, simungamvetse chimene munthu wamfupi amamva tsiku lotero. Ndinafunsa za mafuta. "Imanunkhiza chabe, simamwa," anayankha. Ndinafunsa kuti nanga ndidziwa bwanji kuti atha, poti panalibe kowonera. Anandionetsa kampopi kunsi kwa thanki. "Ikayamba kutsokomola, mutembenuze aka. Ameneyo ndi rizevu. Akufikitsani pomwetsera mafuta."

Ndinaigula, ndipo miyezi yoyambirira inali yokoma. Pa tala inkayenda ngati bwato pa madzi odekha. Thanki yodzaza inkatifikitsa kwa agogo anu ku Vinthukutu ndi kutibweza, n'kutsalanso oyendera masiku angapo. Amayi anu ankatsamira kumbuyo kuja n'kumandifotokozera nkhani njira yonse, nthawi zina mpaka kuwodzera. Anzanga ankaitcha njinga ya abusa, ati yongoyenera kupita nayo kutchalitchi. Ndinkawaseka, osadziwa kuti akunena zoona.

Zaka ziwiri za kwa fundi

Mvula itagwa ndinazindikira kuti ng'ombe sizikhala m'mbali mwa tala. Njinga yanga inali yofupika kwambiri, mimba yake inkakhula pa mizere ya minda, ekizozi inkamira pa kadambo kalikonse, ndipo matayala ake osalala ankangozungulira pamodzimodzi m'matope. Ndinapita nayo kwa Mwakalinga, munthu wowotcherera zitsulo pa msika wa Kaporo, amene aliyense ankangomutchula kuti fundi. Iye sankakana ntchito iliyonse. Ukamufunsa ngati chinthu chitheka, ankati, "Pole pole, a Dokotala, pang'onopang'ono, chitheka." Anaika masipuling'i aatali kumbuyo, njinga inakwera, ekizozi inasiya kumira, koma mapazi anga anayambanso kulendewera pang'ono. Anaika matayala a mano, matope anachepa mphamvu, koma pa tala njinga inayamba kunjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi. Anasintha giya ya kumbuyo imene tcheni chimazungulirapo, n'kuika yaikulu kuti izikoka bwino pa mchenga. Inkakokadi, koma inayamba kumwa mafuta ngati yakwiya. Chilichonse chimene tinkakonza chinkawononga china, ndipo ine ndinkabwerera kwa fundi kukakonzetsa chinacho.

Kenako mayi Kaonga anandiitana. "A Chimphamba, tilandira mabokosi ozizira onyamulira katemera. Sindikunena kuti muchotse mpando wa amayi, ayi, njinga ndi yanu. Koma bokosi limafuna pokhala." Ndinatuluka osadziwa kuti alamula kapena apempha. Madzulo ndinawafotokozera amayi anu, amene amanditchula m'Chitumbuka kuti Awiske Lusungu, ndiye kuti bambo a Lusungu. Anati, "Awiske Lusungu, kodi ine ndimakwera tsiku lililonse?" Funso limenelo sindinadziwe ngati ndi inde kapena ayi, koma m'mawa mwake fundi anadula kotsamira kaja, anachotsa mpando wa kumbuyo, n'kuwotcherera kaliyala wachitsulo womangirapo bokosi ndi mabawuti. Amayi anu ataiona anangoti, "Yasanduka ngolo."

Chomaliza chinali thanki. Poti inkamwa kwambiri, fundi anati tiikulitse. Anaidula m'mbali, anawonjezera chitsulo, inatuluka yonenepa mbali ya kumanja kuposa ya kumanzere. Kuyambira tsiku limenelo sindinadziwenso kuti thanki imodzi imandifikitsa pati. Tsiku lina inkayenda mpaka ine kudabwa, tsiku lina inkazima ndikugwedeza n'kumamva mafuta akulira m'kati. Rizevu naye anasokonekera, nthawi zina ankandiyendetsa mtunda wautali, nthawi zina ndikangotembenuza kampopi, injini phwii. Fundi anati mafuta amabisala m'thumba la kumanja lija, ndiziigoneka njinga chakumanzere kuti awolokere ku kampopi. Choncho anthu a ku Kaporo anazolowera kuona a Dokotala atagoneka njinga pamsewu ngati mbuzi yoti aithene. Ndinayesa kuviika kamtengo m'thanki, koma kamtengo kankanena za mbali imodzi yokha.

Dzinja la chaka chosowa mafuta

Chaka chimenecho mafuta anasowa dziko lonse. Ku boma magalimoto ankagona pamzere, maminibasi ambiri anaima, ndipo ogulitsa petulo wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu nawo anazimiririka. Ndiye mitsinje inasefukira. Madzi anadzaza m'minda ndi m'makola, anthu anathamangitsira ng'ombe zawo ku zitunda za kumadzulo, n'kuziunjika pamodzi za midzi yosiyanasiyana. Posakhalitsa kunabuka matenda aja otupitsa mwendo. Ng'ombe yonenepa bwino imayamba kutsimphina lero, mawa mwaipeza yauma. Kwa anthu a kuno ng'ombe ndi yolimira, ndi yokwatirira, ndi sukulu ya mwana. Amuna akuluakulu ankabwera pakhomo pathu n'kungokhala pansi.

Mayi Kaonga anayesetsa mpaka anapeza katemera, ndipo m'bandakucha wa tsiku lina anamutumiza ndi galimoto ya amalonda, ali m'bokosi la ayisi, pamodzi ndi kachigubu ka petulo. Ndikuthira petuloyo m'thanki, foni ya amayi anu inalira. Anali amalume anu a ku Vinthukutu. Amayi anu anamvetsera, anayankha mwachidule m'Chitumbuka, n'kubwera pamene ndinali. "Akuti amama adwala chomene. Akuti ndipite lero." Nkhope yawo inali yosawerengeka.

Ndinaima ndi kachigubu m'manja. Minibasi kunalibe. Njinga yokhala ndi mafuta m'dera lonselo mwina inali yanga yokha. Ng'ombe zinali kumadzulo, m'matope amene amamwetsa njinga mafuta kawiri. Apongozi anali kummwera, kutali, kupitirira boma, kupitirira Mwenilondo. Ayisi sakanadikira mawa. Ndikanadziwa kuti mafutawo akwanira zonse ziwiri, mtima ukanakhala pansi. Ndikanadziwa kuti akwanira chimodzi chokha, ndikanasankha ngati mwamuna. Koma ndi thanki ya fundi ija sindinkadziwa kanthu. Ndinagwedeza njinga, ndinasuzumira m'kati, ndinaviika kamtengo, zonsezo osandiuza chilichonse. Ndinaimbira bwana. "Pepani kwambiri, a Chimphamba," anatero. "Katemera ameneyo akatentha, wina sitimuonanso chaka chino. Komanso apongozi ndi mayi. Ine sindingakuuzeni. Muone nokha."

Ndinatembenukira kwa amayi anu. "Anyina Lusungu, titani?" Anali atamanga kale kachikwama, atavala chitenje chakale. "Ng'ombezo zitenga tsiku lonse?" anafunsa. Ndinati tikafulumira, dzuwa likamafika pamutu tikhala titatha. "Tiyeni tiyambe kumeneko. Ndipita nanu, musadzawononge mafuta kubwerera kuno kudzanditenga." Ndinawayang'ana kuti ndione ngati akunena ndi mtima wonse kapena akundiyesa, koma anali atayamba kale kukhoma chitseko. Mpaka titanyamuka ndinkayembekeza kuti anena kuti tikhote. Pa mphambano ndinachepetsa liwiro dala, kuwapatsa mpata. Sananene kanthu. Ndinakhotera kumadzulo.

Anakhala pamwamba pa bokosi lenilenilo, atandigwira mapewa, mutu wawo uli pamwamba pa wanga. Tinayenda m'giya yoyamba pafupifupi njira yonse, injini ikulira ngati ikuphedwa, ine ndikumva mafuta akupita. Ku zitunda tinapeza ng'ombe zili m'magulu atatu otalikirana. Mkulu wina, a Mwangosi, amene anali atataya kale ng'ombe zake zolimira, ndiye anasonkhanitsa anthu. Zimene amayi anu anachita m'mawa umenewo sindinaziyembekeze. Anapinda chitenje, analowa m'khola, n'kumagwira ng'ombe mphuno ngati mwamuna. Anthu akayamba kukangana kuti ziyambe za yani, ankawadula m'Chinkhonde ndi mawu awiri atatu, mzere n'kuwongoka. Ankandipatsira mabotolo, ankathamangitsa ana a ng'ombe, thukuta lili kamukamu. Ine dzanja linkabaya, koma mutu unali ku Vinthukutu. Ndikati ndifulumire, iwo ankati, "Bayani bwino, iyo simunaibaye, yathawa." A Mwangosi anandinong'oneza kuti, "A Dokotala, mayiwa muziwalipira ndinu kapena boma?" Ndinalephera kuseka.

Dzuwa litafika pamutu botolo lomaliza linatha. Ndinamasula mabawuti, bokosi ndinawasungitsa a Mwangosi, amayi anu anapinda thumba la mpunga lopanda kanthu n'kuliyala pa kaliyala. "Ndaga fijo," anthu ankatero potithokoza, ena akufuna kutipatsa mkaka, koma tinali titanyamuka kale. Pa tala ndinayenda pang'onopang'ono kuti mafuta achedwe kutha, ngakhale mtima unkafuna kuthamanga. Matayala a mano aja ankanjenjemeretsa chitsulo chimene amayi anu anakhalapo, ndipo pa bampu iliyonse ndinkamva akukoka mpweya. Ndikafunsa ngati tiime, ankati, "Tiyeni." Tinadutsa boma, mizere ya magalimoto ili chiimire pomwetsera mafuta. Tisanafike pa Mwenilondo njinga inatsokomola. Ndinatembenuza kampopi, inayenda pang'ono, n'kuzima. Tinatsika, ndinaigoneka chakumanzere, ndinaidzutsa, inalira. Tinayendanso mpaka pa Mwenilondo penipeni, inazimanso. Ndinaigoneka mpaka chogwirira kugunda pansi. Sinayankhe.

Ndinakhala pamwala m'mbali mwa msewu, mutu uli m'manja. Ndinkaganiza za apongozi anga, mayi amene anandilandira ine mlendo wosadziwa chinenero chawo, akuyang'ana pakhomo kudikira mwana wawo, ife tili pano chifukwa cha ng'ombe za eni. Ndinati, "Anyina Lusungu, tikanayamba kuno." Iwo analowa pakati pa nyumba za asodzi, ndipo patapita kanthawi anatuluka ndi bambo wina atanyamula botolo lalikulu. Anali mwini boti la injini, mkazi wake anali wa kwawo kwa amayi anu. "Ndi osakaniza kale ndi oyilo, a injini ya boti," anatero bamboyo. "Kaya njinga yanu iwalandira, kaya ikana, ine sindikudziwa." Inenso sindinkadziwa. Tinathira. Inalira pa kuponda kwachitatu kapena kwachinayi, utsi wabuluu uli tolotolo kumbuyo ngati tikuotcha zinyalala, ndipo tinapita choncho, anthu m'njira akutiloza.

Tinasiya tala, tinalowa njira ya fumbi yopita kumudzi, dzuwa litapendeka. Nyumba ya agogo anu inali isanaoneke, tinali pa mitengo ya mango ija mumaidziwa, pamene amayi anu anandigwira phewa. "Imani apa." Ndinaganiza kuti msana wawapweteka. Anatsika movutikira, miyendo itauma, anatsegula kachikwama, anatulutsa mpango wakuda n'kumanga kumutu. Anavula nsapato n'kundipatsa. Kenako anayamba kuyenda kulowera kumudzi, manja ali kumutu, ndipo mawu amene anatuluka pakamwa pawo sindinawamvepo chikwatirane. "Amama wane! Amama wane, mwandileka na njani!" Panalibe munthu amene anakumana nafe, foni sinalirenso chichokere m'mawa. Ndinaima ndi nsapato m'manja, injini ikufuka utsi. Kutsogolo, kuseri kwa mitengo, amayi ambiri anayankha kulirako.

Agogo anu anali atamwalira kusanache, amalume anu asanaimbe n'komwe. Ine amene ndinakhala zaka zonsezo pakati pa anthu, ndikudziwa bwino kuti uthenga wa maliro sauponya pa foni ngati mwala, tsiku limenelo ndinamva "adwala" n'kukhulupirira kuti adwaladi. Mwina mutu unali utadzaza ndi thanki.

Maliro atatha, anthu atayamba kubalalika, ndinawapeza amayi anu kuseri kwa nyumba akutsuka mbale za alendo. Ndinakhala pambali pawo.

"Munkadziwa kuyambira m'mawa uja?"

"Mlongo wanga saimba foni nthawi imeneyo chifukwa cha malungo. Ndipo kumbuyo kwake ndinkamva amuna akudula mitengo ya nkhuni za pamaliro."

"Bwanji simunandiuze?"

"Mukanatani?"

"Tikanabwera kuno molunjika. Mafuta akanakwana."

"Akanakwana, inde. Tikanapeza chiyani chimene sitinachipeze madzulo?"

Ndinafunsa kuti nanga anatha bwanji kugwira ng'ombe m'mawa wonse, kukalipira anthu, kundikumbutsa imene yathawa, mayi wawo ali chigonere. Anapitiriza kutsuka mbale imene inali itayera kale.

"Ndikanangokhala pansi, ndikanayamba kulira kwa eni," anatero. "Ndiye ndinkafuna chogwira."

Ng'ombe za ku zitunda zija zambiri zinapulumuka, ndipo mayi Kaonga ananditamanda pamaso pa anzanga kuti ndinasankha ntchito pa tsiku lovuta. Ndinkafuna kuwauza kuti sindikudziwa ngati ndinasankha ndine, koma sindinadziwe poyambira. Mpaka lero ndikaganiza za pa mphambano paja, pamene ndinachepetsa liwiro kudikira mawu awo, sindidziwa kuti akanati "khotani" ndikanakhota, kapena akanakhala kuti agogo anu akadali moyo, iwo akanakhala chete chimodzimodzi. Ndinawafunsapo kamodzi, titakalamba kale, tikusenda chinangwa pakhonde. Anandiyang'ana, mpeni uli m'manja.

"Awiske Lusungu, akanakhala moyo, bokosi lija ndikanalimasula ndekha ndi mano."